Tsamba la pa intaneti limayenda ndi pakamwa pa anthu

M'chaka cha 2002, mnyamata wa zaka 14 wa m'mudzi mwa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu, anaimika makina oyendera mphepo pakhomo pa makolo ake. Anawalumikiza ndi zitsulo zotola kudzala, njinga yakale ya bambo ake ndi mitengo ya bulugamu, babu n'kuyaka m'nyumba. Kwa zaka zinayi makinawo anazungulira, koma mbiri yake sinapitirire midzi yozungulira Wimbe. Ena mwa anthu a m'deralo ankamuyesa wamisala.

Kenako nkhani inayamba kuyenda, ndipo mayendedwe akewo ndi ofunika kuwatsatira bwino. Mu 2006 akuluakulu a zamaphunziro amene ankayendera laibulale ya pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe anamva za mnyamatayo. Anauza Dr. Hartford Mchazime, amene anapita kukadzionera yekha, n'kubwereranso ndi atolankhani. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba nkhaniyo mu November chaka chomwecho. Katswiri wina wa makompyuta ku Lilongwe ataiwerenga anaonetsa mnzake wa kuntchito, mnzakeyo n'kuiika pa tsamba lake la pa intaneti. Kuchokera pamenepo inafika kwa Emeka Okafor, amene ankakonza msonkhano wa TEDGlobal. Mu June 2007 mnyamata uja, William Kamkwamba, anaima pansanja ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Buku la moyo wake linatuluka mu 2009, ndipo filimu yake inaonetsedwa pa Netflix mu 2019.

Pa ulendo wonsewu panalibe ndalama ya otsatsa malonda. Panali munthu amene waona chinthu chodabwitsa, n'kulephera kuugwira mtima, n'kuuza mnzake amene amamukhulupirira. Intaneti inangofulumizitsa zimene pakamwa panali patayamba kale.

Eni masamba a pa intaneti m'Malawi muno, kaya ndi a nyuzi, a masukulu, a malo ogona alendo kunyanja kapena oimba, ambiri amadandaula chinthu chimodzi: tsamba analipira, ndi lokongola, koma palibe akulitsegula. Akafunsa achinyamata odziwa za makompyuta amauzidwa za Google, za mawu oyenera kubwerezabwereza kuti tsamba lizipezeka msanga, za kulipira Facebook kuti uthenga ufike kwa anthu ochuluka. Zonsezi zili ndi ntchito yake. Koma Mmalawi wamba sadzuka m'mawa n'kukalemba dzina la tsamba lanu pa Google. Amatsegula WhatsApp. Amaona zimene atumiza achemwali ake a ku Johannesburg, a mpingo, anzake a pa gulu la amene anaphunzira nawo ku sekondale. Linki ikachokera kwa mmodzi wa amenewa amaidina. Ikachokera kwa munthu wosamudziwa amaipitirira, ndipo sakulakwitsa, chifukwa akuba a pa foni achuluka.

Izi si za kuno kokha. Mu 2011 kampani yofufuza za malonda ya Nielsen inafunsa anthu oposa 28,000 m'mayiko 56, ndipo 92 mwa 100 alionse anati amakhulupirira zimene awauza abale ndi anzawo kuposa njira ina iliyonse yotsatsira malonda. Makampani ena akuluakulu a pa intaneti anakulira pa mfundo yomweyi. Hotmail, imene Sabeer Bhatia ndi Jack Smith anaiyambitsa mu July 1996, inkaika kamzere kumapeto kwa kalata iliyonse yotumizidwa, koitana wolandira kuti nayenso atsegule imelo yaulere. Kalata inali ya mnzako, choncho kuitanako kunkamveka ngati kwa mnzako. Pa miyezi 18 anthu anafika 12 miliyoni, ndipo kumapeto kwa 1997 Microsoft inagula kampaniyo pa ndalama pafupifupi madola 400 miliyoni.

Nkhani ya Dropbox, kampani yosungira anthu zinthu pa intaneti, ndi yophunzitsa kwambiri chifukwa eni ake anayamba ayesa njira yolipira. Anapeza kuti akuwononga madola oposa 200 pa malonda a pa Google kuti apeze kasitomala mmodzi wogula chinthu cha madola 99. Anasiya. M'malo mwake anayamba kupereka malo owonjezera osungira zinthu kwa aliyense woitana mnzake, komanso kwa woitanidwayo. Malinga ndi mmodzi wa eni ake, Drew Houston, ogwiritsa ntchito anachoka pa 100,000 kufika pa 4 miliyoni m'miyezi 15. Woitana ndi woitanidwa onse ankapindula, motero palibe amene ankachita manyazi kutumiza uthengawo.

Kunoko mphamvu yomweyi tinaiona pa nthawi yowawa. Mu January 2021 mliri wa Covid-19 unakula moti nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, zipatala zikusowa mpweya wothandizira odwala kupuma. Mlembi Onjezani Kenani anapempha thandizo pa Facebook, ndipo Amalawi a kuno ndi a kunja anasonkha mamiliyoni ambirimbiri a kwacha ogulira masilinda a mpweya ndi zipangizo zina. Chimene chinkachititsa anthu kutumiza pempholo kwa anzawo n'chakuti ankauzidwa poyera ndalama zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Munthu akamatumiza uthenga kwa abale ake amaikapo dzina lake. Ukapezeka wabodza, wonyozeka ndi iye. N'chifukwa chake anthu satumiza chinthu chifukwa choti mwawapempha kuti "sheyani", amatumiza chimene akudziwa kuti sichiwachititsa manyazi.

Koma pali vuto lina la kwathu kuno limene alangizi ophunzira kuchokera m'mabuku a ku America salitchula. Makampani a TNM ndi Airtel amagulitsa mabandulo a WhatsApp ndi a Facebook padera, otsika mtengo kuposa bandulo yotsegula intaneti yonse. Anthu ambiri amakhalira amenewa. Ndiye taonani zimene zimachitika pa gulu la banja madzulo. Wina waponya linki ya nkhani ya mitengo ya feteleza. Mutu wa nkhani ukuoneka, kachithunzi kakuoneka. Mayi wina ku Ntcheu adina, foni iyera mbee, kanthu kazungulirazungulira pakati, kenako uthenga woti tsamba silikutseguka. Abwerera pa gulu n'kulemba kuti, "Achimwene, ndilibe deta, tajambulani mutitumizire." Pakapita mphindi ziwiri zithunzi zinayi za nkhani yonse zafika. Pofika m'mawa zadutsa m'magulu makumi angapo, nkhani yawerengedwa kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, koma mwini tsamba akayang'ana chiwerengero cha alendo ake akupeza munthu mmodzi: uja anajambula.

Umu ndi mmene nkhani zambiri zimawerengedwera m'dziko muno. Mtolankhani wayenda, wafunsa, walemba, koma otsatsa malonda akafunsa kuti tsamba lanu limawerengedwa ndi anthu angati, chiwerengero chake n'chochititsa chisoni. Ngakhale nyuzipepala yathunthu imayenda m'magulu a WhatsApp m'mawa, ogulitsa a m'misewu asanamasule n'komwe mitolo yawo. Kuwakalipira owerenga sikuthandiza. Munthu amene akusankha pakati pa deta ndi ndiwo za madzulo sangadzudzulidwe chifukwa chopempha chithunzi. Chimene mwini tsamba angachite n'kupeputsa tsamba lake kuti lizitseguka msanga pa foni yotchipa ndi netiweki yofooka, kuchepetsa zithunzi zolemera ndi makanema odziyambitsa okha amene amadya deta ya munthu asanawerenge chiganizo choyamba, ndiponso kuonetsetsa kuti dzina ndi adiresi ya tsamba zikuoneka pa chilichonse chimene chingajambulidwe. Ngati nkhani ikuyenda m'zithunzi, iyende ndi dzina la mwini wake.

Ena atopa n'kunena kuti, nanga tsamba n'lachiyani, tingokhala pa Facebook pomwepo pamene pali anthu. Kwa mayi wogulitsa makeke ku Area 25 kapena mnyamata wooda nsapato ku Dar es Salaam, yankho limeneli n'lomveka. Amaika katundu pa sitetasi ya WhatsApp, wogula alipira pa Airtel Money kapena Mpamba, wakabaza akapereka. Malonda atheka popanda webusayiti, ndipo palibe chifukwa chowakakamiza kulipira chinthu chimene sachifuna. Koma kwa amene chuma chake ndi zolemba, nyimbo, maphunziro kapena mbiri ya zaka zambiri, kukhala pa Facebook pokha kuli ngati kumanga nyumba ya njerwa zootcha pa malo a lendi: mwini malo akasintha maganizo, simunyamula khoma.

Ndipo mwini maloyo amasinthadi maganizo. Tsamba la ku America la Upworthy, limene linayamba mu 2012, linakula ndi mitu ya nkhani yokopa imene anthu ankagawana pa Facebook. Mu November 2013 linalandira alendo oposa 80 miliyoni pa mwezi umodzi. Mwezi wotsatira Facebook inasintha ndondomeko yosankhira zimene anthu aziona, ndipo pofika January 2014 alendowo anatsika pafupifupi ndi theka. Mu January 2018 mkulu wa Facebook, Mark Zuckerberg, analengeza kuti Facebook iziika patsogolo zolemba za abale ndi abwenzi kuposa za makampani ndi nyumba zoulutsa nkhani. Mwezi wotsatira tsamba la LittleThings, limene linali ndi antchito pafupifupi 100, linatseka, eni ake akunena kuti anthu ofika kwa iwo kudzera pa Facebook atsika ndi 75 pa 100 alionse. Kampani ya BuzzFeed, imene mu February 2015 inali ndi anthu oposa 670,000 akuyang'ana nthawi imodzi chithunzi cha diresi limene ankatsutsana mtundu wake, inalengeza mu April 2023 kuti ikutseka nthambi yake ya nkhani.

Ku Canada zinafika poipa kuposa apa. Boma litakhazikitsa lamulo loti makampani akuluakulu a intaneti azilipira nyumba zofalitsa nkhani, kampani ya Meta, imene ndi mwini wa Facebook, Instagram ndi WhatsApp, inatseka nkhani zonse pa Facebook ndi Instagram m'dzikomo kuyambira mu August 2023. Manyuzipepala ang'onoang'ono a m'matauni, amene owerenga awo ambiri ankabwera kudzera pa Facebook, anadzuka njira itatsekedwa. Ngati kampani ingachite zimenezi ku dziko lolemera ngati Canada, palibe chifukwa choganizira kuti ingayambe yafunsa mkonzi wa ku Blantyre isanasinthe kanthu. Ndipo amene anali ndi foni pa 4 October 2021 akukumbukira madzulo amene Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima kwa maola pafupifupi 6. Amene malonda awo onse anali mmenemo anangokhala manja lende.

Palinso kusiyana pakati pa kuonedwa ndi kupindula. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930, anajambulanso nyimbo yawo ya Linny Hoo pamodzi ndi Patience Namadingo mu 2020. Chakumapeto kwa 2021 kachidutswa ka kanemayo kanafala pa TikTok, ndipo pofika January 2022 kanali kataonedwa maulendo oposa 80 miliyoni, mpaka ndi anthu a kumayiko amene sadziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chichewa. Agogowo pa nthawiyo analibe n'komwe foni yamakono. Ulemu anaulandira, ndipo unali wowayenera. Koma khamu lonselo linasonkhana pa TikTok, n'kubalalikira pomwepo. Funso limene woimba aliyense wachinyamata ayenera kudzifunsa nyimbo yake isanatchuke ndi ili: anthu akandikonda mawa, apita kuti kuti akagule, akandilembe ntchito kapena akandithandize? Ngati palibe adiresi yodziwika yoti mlendo wa ku Jakarta kapena Nairobi aidine, mwayi umadutsa ngati mmene unabwerera.

Masamba a mchezo tsono ndi njira, ndipo ndi njira yamphamvu kuposa ina iliyonse imene wofalitsa nkhani wa Chichewa anakhalapo nayo. Nyasa Times, imene inayamba mu 2006, inakula pa nthawi imene Amalawi a kunja ankatumizirana nkhani za kumudzi pa imelo. Lero wachinyamata wa ku Mzimba amene ali ndi foni ndi nkhani yabwino angathe kufika kwa anthu ambiri pa tsiku limodzi kuposa amene nyuzipepala yosindikizidwa imawafika pa sabata. Kukana kugwiritsa ntchito njira yotereyi kungakhale kudzimana. Cholakwika n'kuiwala kuti njirayo iyenera kufikitsa munthu penapake pamene ndi panu: tsamba lanu, mndandanda wanu wa manambala ndi maimelo a anthu amene avomera kuti muziwatumizira, dzina limene munthu angalikumbukire ngakhale Facebook itasowa.

Pali chizolowezi china chofunika kuchidzudzula mosabisa mawu. Masamba ena apeza kuti mutu wa nkhani wonama umakoka anthu. Amalemba kuti woimba wakuti wamwalira, ukatsegula n'kupeza kuti akunena za munthu wina wa dzina lofanana. Amalemba kuti boma lalengeza zodabwitsa, mkati mulibe kanthu. Tsiku limenelo chiwerengero chimakwera ndithu. Koma munthu amene watha deta yake pa bodza amauza anzake, ndipo pakamwa pomwe paja pamene pamamanga mbiri pamaigwetsanso. Pa magulu ambiri a WhatsApp pali masamba amene linki yake ikangoponyedwa wina amayankha msanga kuti, "Awa ndi abodza, dikirani a wailesi anene." Tsamba likafika pamenepo, ngakhale mutalipira Facebook ndalama zingati, anthu amene mukuwafuna sabweranso. Chimodzimodzi kugula otsatira: tsamba la otsatira 50,000 ogula, amene ambiri mwa iwo si anthu enieni, silingagulitse ngakhale thumba limodzi la mpunga wa Kilombero.

Ndipo pamene mphekesera zikhudza moyo, nkhani imasiya kukhala ya malonda. Mu September ndi October 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Zinayenda pakamwa, pa foni ndi pa masamba a mchezo, aliyense akukhulupirira chifukwa wamuuza ndi munthu womudziwa. Ku India mphekesera zonga zomwezi, za anthu oba ana, zinaphetsa anthu mu 2018, mpaka WhatsApp inaika malire oti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu 5 okha pa nthawi imodzi. Malirewo anafika dziko lonse mu January 2019, ndipo mu April 2020 anawakhwimitsanso pa mauthenga amene ayenda kale kwambiri. Amene akufuna kuti nkhani zake zizigawidwa adziwe kuti akugwira chida chimene chinaphapo anthu. Malawi ali ndi lamulo la 2016 loona za kagwiritsidwe ntchito ka intaneti, koma lamulo limafika maliro atachitika kale. Woyamba kuletsa bodza ndi mkonzi amene wakana kulemba chimene sanatsimikize, ndi mkulu wa gulu la WhatsApp amene wafunsa kuti, "Mwazitenga kuti zimenezi?"

Nanga chimene anthu amagawana mosakakamizidwa n'chiyani? Yang'anani m'magulu a kwanu. Zotsatira za mayeso a MANEB. Mndandanda wa osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma. Mitengo ya fodya ku Kanengo ndi ku Limbe. Malo a ntchito. Nthawi imene magetsi azime. Uthenga wa maliro. Zonsezi ndi zinthu zimene wotumiza akudziwa kuti zithandiza munthu wina amene akumuganizira ndi dzina. Mayi amatumiza mndandanda wa ntchito chifukwa mwana wa mlongo wake ali pakhomo ndi digiri. Mlimi amatumiza za mbozi za m'chimanga chifukwa munda wa mnzake wayandikana ndi wake. Tsamba limene limayankha funso lenileni la munthu weniweni silisowa womunyamulira uthenga.

Apa mpamene Chichewa chili ndi mwayi umene eni masamba ambiri akuutaya. Zambiri zothandiza, za ulimi, zaumoyo, za malamulo a malo, za kalembedwe ka mafomu a ngongole za ophunzira, zili m'Chingerezi, pamene magulu a WhatsApp a m'mudzi, a mpingo ndi a banki m'khonde amacheza m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao. Nkhani ya Chingerezi ikafika pa gulu lotero imafuna womasulira, ndipo nthawi zambiri imathera pomwepo. Ya Chichewa imawerengedwa mokweza pakhonde, agogo n'kufunsa funso, mdzukulu n'kuitumiza kwa amalume ake ku Chipata kapena ku Tete. Wolemba m'chinenero cha anthu opikisana naye ndi ochepa, ndipo omunyamulira uthenga ndi ambiri.

Ntchito yotsala ndi yapansi, yosafuna katswiri. Kuyankha munthu amene wafunsa funso pansi pa nkhani, tsiku lomwelo, mwaulemu. Kukonza cholakwika poyera m'malo mochifufuta mwakachetechete. Kufunsa kasitomala watsopano aliyense kuti anamva kwa ndani, n'kumuthokoza amene anamutumizayo. Mwini loji ku Cape Maclear amene amachita zimenezi amadziwa msanga kuti alendo ake ambiri akuchokera kwa alendo akale, ndipo amaona kuti ndalama yake ipite pa kukonza shawa ya madzi otentha asanaganize zolipira malonda a pa Facebook. Adiresi ya tsamba nayo ikhale yaifupi, yoti munthu angaitchule pa wailesi kapena mu minibasi mnzake n'kuigwira osalemba.

Kwa inu eni masamba: musanalipire kwacha ina iliyonse kuti uthenga wanu ukankhidwire kwa anthu osakudziwani, tengani foni yotchipa, gulani bandulo yaing'ono, mutsegule tsamba lanu muli kunja kwa tauni. Likakana kutseguka, yambani mwakonza zimenezo. Likatseguka, werengani nkhani yoyamba imene ili pamwamba, ndipo ngati inuyo simungaitumize pa gulu la banja lanu, ichotseni mulembe ina.